Jakisoni wa m'munsi mwa maso: kodi mkhristu abayitse?



Sabata ziwiri zapitazo, titangotseka mapemphero a mphakati, mayi wina wa m'gulu la amayi ananditengera pambali, foni ili m'manja. Mwana wawo wamkazi ali ku Johannesburg komwe amagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo akubwera kudzadalitsa ukwati wake chaka chino. Wawatumizira uthenga kuti akufuna kukabayitsa jakisoni m'munsi mwa maso, poti maso ake alowa m'kati ndipo pazithunzi akuoneka wamkulu kuposa bwenzi lake. Mayiwo anandifunsa mafunso awiri: "Kodi zimenezi sizivulaza? Nanga si tchimo?"

Ena anganene kuti iyi ndi nkhani ya m'tauni, ife a ku Njewa sikutikhudza. Koma foni inafupikitsa mtunda. Zimene akuchita ku Joni m'mawa, madzulo ake mtsikana wa ku Nsaru kapena ku Kabudula waziona kale pa Facebook ndi pa TikTok. Mafuta oyeretsa khungu nawo anayamba chonchi, lero ali pamsika uliwonse. Choncho ndi bwino tiyiganizire nkhaniyi isanatipeze tili m'tulo.

Tiyambe ndi kudziwa chinthucho. Munthu akamakula, mafuta a pankhope amachepa ndipo m'munsi mwa diso mumatsala kadzenje kochita mthunzi. Ena amabadwa nako, n'kwa kumtundu. Jakisoni amene tikunenayu amalowetsa pansi pa khungu mankhwala olendalenda ngati therere, otchedwa hyaluronic acid. Thupi lathu limapanganso lokha chinthu chimenechi, ndipo ntchito yake ndi kusunga madzi. Akachilowetsa, kadzenje kaja kamadzaza, mthunzi n'kuchepa. Sichikhala mpaka kalekale ayi. Pakapita miyezi ingapo, chaka kapena kupitirirapo, chimaphwa, ndipo wofuna kuoneka chimodzimodzi amabwereranso kukalipira. Komanso sichithandiza aliyense. Ngati m'munsi mwa maso mwada chifukwa cha mtundu wa khungu, jakisoniyu sasintha kanthu. Ngati mwatupa, angathe kuwonjezera kutupako, poti mankhwalawa amakoka madzi.

Nanga kuopsa kwake? Tinene zoona, osakokomeza. Akabaya dokotala wophunzira bwino ntchitoyi, ndi mankhwala enieni, anthu ambiri amangotupa kapena kubiriwira masiku owerengeka, kenako zimatha. Ena amatsala ndi timibulu, kapena khungu limaoneka lamtambo chifukwa mankhwala anaikidwa pamwamba kwambiri. Koma pali ngozi ina yosachitika kawirikawiri, yomwe ikachitika imakhala yaikulu. Khungu lozungulira diso ndi lopyapyala kuposa pena paliponse m'thupi, ndipo mitsempha ya magazi ya pankhope imalumikizana ndi mtsempha umene umadyetsa diso. Singano ikalasa mtsempha, mankhwala aja n'kulowamo, amatha kutseka njira ya magazi. Khungu lingafe n'kusanduka chilonda, ndipo diso lingachite khungu nthawi yomweyo. Kuona kukatayika motere, kawirikawiri sikubwereranso. Alipo mankhwala osungunula, otchedwa hyaluronidase, koma ayenera kukhala pafupi, m'manja mwa wodziwa, ndipo sasungunula zinthu zina monga silikoni kapena mafuta amene anthu achinyengo amabaya anzawo.

Ngakhale ku America, kumene jakisoni wa mtundu umenewu wakhala akugwiritsidwa ntchito pankhope kuyambira mu 2003, bungwe loona za mankhwala la FDA linadikira mpaka 2022 kuti livomereze mtundu woyamba wobaya m'munsi mwa maso. Ngati eni akewo anadekha chonchi, ife tithamangiranji? Kuno kwathu, woyenera kubaya munthu ndi amene ali m'kaundula wa Medical Council of Malawi kapena wa bungwe la anamwino, ndipo mankhwala ayenera kukhala ovomerezedwa ndi bungwe la PMRA. Wobaya anthu kuseri kwa saluni, ndi botolo lobwera m'chikwama pabasi, alibe chokutetezani nacho zinthu zikavuta. Taganizirani diso litazima muli ku Nambuma kapena ku Mpingu. Pofika kuchipatala cha maso cha Lions ku Kamuzu Central, nthawi yopulumutsa disolo idzakhala itatha kale. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsopano funso lachiwiri la mayi aja: kodi ndi tchimo? Apa tisafulumire kuweruza. Kufuna kuoneka bwino sikunabwere ndi foni. Agogo athu ankatema mphini pamasaya ndi pamphumi, ankavala mikanda, ankadzola nsatsi. Ife tomwe Lamulungu timasita zovala, amayi amamanga duku bwino, abambo amameta ndevu, ndipo palibe amene amakaulula zimenezi kwa Bambo Mfumu. Mpingo sudana ndi kukongola. Mu 1958 Papa Pius XII, polankhula kwa madokotala okonza maonekedwe a thupi ku Italy, anaphunzitsa kuti ntchito yawo siitsutsana ndi chifuniro cha Mulungu, malinga cholinga chikhale choongoka, moyo wa munthu usaikidwe pachiswe, ndipo chifukwa chake chikhale cholingana ndi kukula kwa zimene zikuchitidwazo. Ndiye chifukwa chake timathokoza Mulungu dokotala akasoka mlomo wa mwana wobadwa nawo wong'ambika, kapena akakonza chipsera cha mwana amene anagwera pamoto. Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, pa ndime 2288 ndi 2289, amatikumbutsa mbali zonse ziwiri: moyo ndi thanzi ndi mphatso zimene Mulungu anatisungitsa kuti tizisamale, koma thupi lisasanduke fano loti tizilipembedza ndi kuliperekera nsembe zonse.

Choncho sindinganene kuti aliyense wobayitsa wachimwa. Chimene ndinganene n'chakuti mkhristu asanatambasule nkhope yake kwa wa singano, ayenera kudziyesa mumtima pa zinthu zitatu.

Choyamba ndi muyeso wa phindu ndi ngozi. Mayi wodwala akalola opaleshoni yoopsa, amatero chifukwa kukana kukanamupha. Pamenepo ngozi ili ndi chifukwa. Koma pano mbali imodzi ya sikelo pali mthunzi wa m'munsi mwa diso, mbali inayo pali diso lenilenilo. Kwa dokotala weniweni ngoziyo ndi yaing'ono, ndipo munthu wamkulu, atauzidwa zonse, angathe kusankha ndi chikumbumtima chake. Kwa wongoyeserera, amene sadziwa kumene mitsempha imadutsa, kumeneko ndi kutchova njuga ndi mphatso ya Mulungu. Apo ndiye ndinena mosabisa kuti n'kulakwa, kwa wobayitsa ndi kwa wobayayo makamaka.

Chachiwiri ndi ndalama. Jakisoni weniweni ndi wodula. Mtengo wake ungagule matumba angapo a feteleza, ndipo akaphwa mumalipiranso. Wotchipa ndi amene ali woopsa. Kwa munthu amene ana ake adya, fizi yalipidwa, ngongole ya kubanki m'khonde yabwezedwa, ndalama ndi zake. Koma ngati ndalamazo zikuchokera pa chimanga cha banja kapena pa katapila, ndiye kuti nkhope yadya chakudya cha ana. Chilungamo chimayambira m'nyumba.

Chachitatu, ndipo ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo, ndi funso ili: kodi ndani akufuna kuti ndisinthe? Nditafunsitsa mayi aja, ndinamva kuti mwana wawo amadzuka 4 koloko m'mawa, amalera ana a abwana mpaka usiku, kenako amasoka zovala kuti apeze ya ukwati ndi yotumiza kumudzi. Amagona maola ochepa. Ndipo ganizo la jakisoni linabwera tsiku limene mnzake wina anaseka chithunzi chake pagulu la WhatsApp. Mukuona? Maso aja sanalakwe. Akunena zoona, kuti mwini wake watopa.

Nkhope ndi mthenga. Maso olowa m'kati angatanthauze kusowa tulo, kuonda, kuchepa kwa madzi m'thupi, kapena nkhawa yosaulula. Kuyera kwa m'zikope kungasonyeze kuchepa kwa magazi. Kutupa kwa m'munsi mwa maso m'mawa nthawi zina ndi chizindikiro cha vuto la impso. Munthu wotere akufunika kukayezetsa kwa St Gabriel ku Namitete kapena kuchipatala chapafupi. Kudzaza kadzenje osafunsa chimene chakakumba kuli ngati kutseka pakamwa mwana amene wabwera kudzanena kuti nyumba ikupsa.

Tayang'anani amayi athu m'tchalitchi muno lero. Ambiri maso awo ndi olowa. Alowa ndi utsi wa nkhuni, ndi kusoka fodya m'chigafa mpaka mdima, ndi kuchezera pa mphasa ya kuchipatala podikirira wodwala, ndi misozi ya pamaliro. Kodi nkhope zimenezi ndi zowonongeka, zofunika kukonza? Papa Francis, pophunzitsa za ukalamba mu June 2022, anakumbutsa za Anna Magnani, katswiri wa mafilimu wa ku Italy, amene anakana kuti amuchotse makwinya poti anamutengera zaka zambiri kuti awapeze. Ndipo tikumbuke kuti Ambuye athu atauka kwa akufa sanafafanize zipsera za misomali. Tomasi anawazindikira ndi zipsera zomwezo.

Apa mlandu ukutembenukira kwa ife amene timayang'ana. Mtsikana sadana ndi nkhope yake payekha; amaphunzitsidwa. Amamuphunzitsa ndi mwamuna amene amauza mkazi wake kuti "wakalamba, taona anzako," pamene anamukalambitsa ndi ntchito ya pakhomo pake pomwepo. Amamuphunzitsa ndi anzake oseka zithunzi. Amamuphunzitsanso ndi foni, imene imasalaza khungu pachithunzi mpaka munthu akadziona pagalasi amakhumudwa ndi nkhope imene anabadwa nayo. Abambo, ngati maso a akazi anu alowa m'kati, musathamangire kuwayerekeza ndi a pa TikTok. Senzaniko mtolo, tungani madzi tsiku lina, alekeni agone. Achinyamata a kwaya ndi a m'magulu, musanaseke chithunzi cha mnzanu, kumbukirani kuti mawu anu angamutume kwa munthu wa singano amene sadziwa ntchito. Lamulo lachisanu limaletsa kuvulaza moyo wa mnzathu, ndipo lilime nalo limavulaza.

Wina angatsutse kuti, "Nanga munthu amene wagona mokwanira, wayezetsa, ali bwinobwino, koma kadzenjeko n'kobadwa nako ndipo kamamusowetsa mtendere?" Ameneyu tisamunyoze, chisoni chake n'chenicheni. Ngati ali ndi ndalama zake zosalanda chakudya cha wina, napita kwa dokotala wovomerezeka, nafunsa dzina la mankhwala, nafunsanso ngati osungunula aja alipo pomwepo, sindikuona tchimo. Ndingomupempha kuti adikire kaye miyezi ingapo, poti kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo adzifunse ngati mtendere umene akuufunawo udzatsala mankhwala akadzaphwa. Ngati sudzatsala, ndiye kuti bala lili pena, ndipo singano siifikapo.

Mayi aja ndinawayankha kuti amuimbire mwana wawo, asayambe ndi kumukalipira. Amufunse kuti amagona nthawi yanji, amadya chiyani, ndipo anayezetsa liti magazi. Amuuze kuti achepetse ndalama zotumiza kumudzi miyezi iwiri ikubwerayi, asiye kusoka usiku, ndipo zokonzekera ukwati zina tigawane ife a mumphakati. Akadzafika paguwa, tikufuna adzaone mwamuna wake ndi maso onse awiri.

Sabata ino m'miphakati yathu tikambirane funso ili: ndani pakati pathu amene maso ake akuonetsa kutopa, ndipo tingamupeputsire katundu uti?

Ambuye akudalitseni nonse, ndipo mukhale ndi Lamulungu labwino.