Mpando wa Phungu Ngwa Yani?

Munthu akatumidwa ndi mudzi kuti akaulankhulire pa bwalo la mfumu yaikulu, iye nafika kumeneko n'kuyamba kulankhulira a tsidya lina chifukwa amlonjeza mbuzi, palibe amene angakayike kuti munthuyo walakwa. Koma zomwezi zikachitika m'Nyumba ya Malamulo, ambiri amangoti ndi ndale, monga ngati ndale ziri ndi malamulo aoao osiyana ndi a chikumbumtima. Zimene zidachitika mu mzinda wa Albany, likulu la chigawo cha New York ku America, m'chaka cha 2009, zithandiza kuyesa bwino maganizo amenewa.

Dziko la United States liri ndi zigawo 50, ndipo chigawo chirichonse chiri ndi Bwanamkubwa wache ndi aphungu ache opanga malamulo. M'zigawo zonse, kupatula Nebraska, aphunguwo amakhala m'nyumba ziwiri, ndipo yam'mwamba imatchedwa Seneti. Chipani chimene chiri ndi mipando yochuluka m'Seneti ndicho chimasankha mtsogoleri wa nyumbayo, chimaika apampando a makomiti, ndiponso chimanena nkhani yoti ikambidwe ndi yoti iikidwe padera. Tsono pamene zipani ziri pafupi kulingana, mpando umodzi umalemera koposa.

Pa chisankho cha November 2008 anthu a ku New York adapatsa chipani cha Democratic mipando 32, ndi chipani cha Republican mipando 30. Padapita zaka zoposa 40 a Democratic asanagwireko nyumbayi. Koma pa 8 June 2009 aphungu ao awiri, Pedro Espada ndi Hiram Monserrate, adagwirizana mwadzidzidzi ndi a Republican, nachotsa mtsogoleri Malcolm Smith. Udindo wa mtsogoleri wa mbali yochuluka udapita kwa Dean Skelos wa Republican, ndipo Espada adampatsa upulezidenti wa Seneti. Patapita sabata limodzi Monserrate adabwerera kwao, nyumba niima pakati: 31 uku, 31 uko. Wachiwiri kwa Bwanamkubwa, amene akadatha kudula mkangano, padalibe, pakuti David Paterson adasiya mpando umenewo m'chaka cha 2008 pamene adalowa ubwanamkubwa.

Kwa mwezi wathunthu Seneti sidagwire nchito. Adakanganirana makiyi a chitseko. Tsiku lina mbali ziwirizo zidachita misonkhano iwiri nthawi imodzi m'chipinda chimodzi, iriyonse ndi wapampando wache. Tsiku linanso phungu wa Republican, Frank Padavan, adangodutsa m'chipindamo kukatenga chakumwa, ndipo a Democratic adamwerengera ngati wafika pa msonkhano, kuti akwanitse chiwerengero cha 32 chofunika. Pamene izi zinkachitika, lamulo lopatsa meya mphamvu yoyendetsa sukulu za mu mzinda wa New York lidatha nthawi yache pa 30 June popanda wolikonzanso. Pa 9 July Espada adabwerera ku Democratic, ndipo adamlandira pompatsa udindo wa mtsogoleri wa mbali yochuluka.

Funso loyamba nali: mpando umene phungu akhalapo ngwa yani? Suli wache, pakuti sadaugule, sadaulandire ngati cholowa cha makolo. Suli wa chipaninso, pakuti chipani sichiponya voti. Ngwa anthu amene adamsankha, ndipo iye angousunga, monga munthu asunga ng'ombe za mnzache. Wosunga ng'ombe akhoza kuzidyetsa ku dambo limene iye aona kuti nlabwino, koma sakhoza kuzigulitsa. Anthu poponya voti saona dzina lokha. Amaonanso chipani chimene dzinalo laima nacho, nadziwa kuti voti yao ithandiza kunena mbali imene ilamulire nyumba. Chomwecho phungu wosamutsa ulamuliro wa nyumba yonse yekha, osafunsa omtuma, wasandutsa zotsatira za chisankho popanda chisankho china. Pamenepo pali kuswa pangano, ngakhale panganolo silidalembedwe pa pepala.

Koma wina angatsutse, nati: kodi phungu ndi kapolo wa chipani? Nanga chipani chikafuna lamulo losalungama, iye azingovomera? Iai ndithu. Chikumbumtima sichigonjera chipani chirichonse. Phungu ali ndi udindo wokana choipa, ngakhale anzache onse achivomereze, ndipo nthawi zina afunikadi kutuluka m'chipani chimene chasokera. Ndiponso amene adachita za pa 8 June adati cholinga chao chidali kukonza malamulo a nyumbayo, pakuti ku Albany mbali yochepa inkamanidwa ndalama za maofesi ndi mwai wotulutsa nkhani zache. Dandaulo limeneli silidali lopanda pache.

Tsono pafunika kulekanitsa zinthu ziwiri zofanana maonekedwe: kutuluka chifukwa cha chikumbumtima, ndi kutuluka chifukwa cha mtengo. Za mumtima wa munthu palibe mnzache angaziweruze, koma zizindikiro zilipo zitatu. Choyamba, womvera chikumbumtima amatchula choipa chimene akukana, ndipo sabwerera choipacho chisanachotsedwe. Chachiwiri, amachita poyera, atauza anthu ache, ndipo saopa kubwerera kwa iwo kuti amuyesenso. Chachitatu, kawirikawiri chikumbumtima chimatayitsa munthu kanthu: udindo, abwenzi, ulemu. Munthu amene potuluka alandira mpando, pobwerera nalandiranso mpando wina, asadabwe anthu akamkayikira. Akuluakulu adati ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada.

Komabe kungakhale kusalungama kusenzetsa anthu awiri okha mlandu wonse. Palibe wogulitsa popanda wogula. A Republican adapereka upulezidenti kuti apeze mavoti awiri. A Democratic adadzudzula Espada kolimba, koma patangopita mwezi adampatsa udindo waukulu kuti abweze voti imodzi. Mbali zonse ziwiri zidaonetsa kuti chimene zinkaopa koposa ndicho kutaya ulamuliro. Apa ndi pamene pagona kulakwa kwakukulu: kuyesa njira ngati ulendo wathera pomwepo. Kulamulira nyumba ndi chida chabe, monga khasu. Cholinga chache ndi malamulo olungama othandiza anthu onse. Chipani chimene chilola nchito ya anthu kuima mwezi wonse kuti chisunge mpando wa wapampando chifanana ndi alimi olimbirana khasu mvula irikugwa, mbeu ziri m'nkhokwe.

Palinso china chimene mbali yopambana imaiwala msanga. Kupambana ndi 32 pa 30 sikutanthauza kuti anthu a m'madera 30 aja asanduka alendo m'dziko lao. Iwonso amakhoma msonkho, ana aonso amapita ku sukulu. Mbali yochuluka iri ndi ufulu wotsogolera, koma iribe ufulu wotseka pakamwa anzache. Ndipo mbali imene imana anzache lero ikumbukire kuti chisankho chimabweranso: ku New York aphungu a Seneti amasankhidwa zaka ziwiri zirizonse.

Mathero a nkhaniyi ngophunzitsa. Monserrate adachotsedwa m'Seneti ndi aphungu anzache mu February 2010, khoti litampeza wolakwa pa mlandu wina wovulaza munthu. Espada adagonja pa chisankho cha m'chipani mu September 2010, ndipo m'chaka cha 2012 khoti lidampeza wolakwa pa kuba ndalama za zipatala zimene ankayang'anira. Smith ndi Skelos nawonso adalowa m'ndende pambuyo pache pa milandu ya ziphuphu. Milandu imeneyi njosiyana ndi za June 2009, koma isonyeza kuti m'nyumba m'mene mipando yasanduka malonda, zinanso zambiri zimagulitsidwa. M'chaka cha 2011 aphungu ena a Democratic adapanga kagulu kaokao, kamene pambuyo pache kadagawana ulamuliro ndi a Republican. Mu September 2018 anthu oponya voti adagwetsa 6 mwa 8 a kaguluko.

Awerengi a m'Malawi sadzayesa nkhani iyi yachilendo. Gawo 65 la malamulo aakulu a dziko lidaikidwa kuti phungu wosamukira ku chipani china ataye mpando wache, ndipo mkangano wa gawo limeneli udachedwetsa bajeti ya boma m'chaka cha 2007. Lamulo lotere liri ndi nchito yache, koma lokha silikwanira, pakuti likhoza kumanga wogulitsa mpando pamodzi ndi womvera chikumbumtima, ndiponso anthu ochenjera sasowa polizembera.

Chotsala ndi udindo wa woponya voti. Asanasankhe, afunse za makhalidwe a munthuyo: kodi adasungapo cha wina nachibweza chathunthu? Kodi mau ache a chaka chatha ndi omwe a chaka chino? Atasankha, asagone, koma ayang'anire zimene wotumidwayo akuchita, ndi kuzikumbukira pa chisankho chotsatira. Ndipo iye mwini asalandire chitenje kapena ndalama posinthana ndi voti yache, pakuti wogulitsa voti pa mudzi sadzakhala ndi pakamwa podzudzula phungu wogulitsa mpando ku likulu.