KODI CHITHUNZI CHINGANAME?

Funso limene ndadza nalo kwa inu anzanga a m'gulu la alembi ndidalitola ku Mangochi pa tchuthi cha Khirisimasi ya 2024, ndipo mpaka lero lidakandikhalabe pakhosi. Funsolo ndi ili: ngati munthu sadanene liwu labodza ndi limodzi lomwe, koma mnzake wapusitsika ndi zimene wamuonetsa, kodi munthuyo wanama?

Azakhali anga ali ndi kanyumba kogona alendo m'mbali mwa nyanja: zipinda zisanu ndi chimodzi, khitchini, khonde loyang'ana kumadzi, ndi antchito anayi. Miyezi yambiri ya pachaka zipindazo zimangokhala zotseka. Ndalama yeniyeni imabwera pa Isitala, pa Tsiku la Anakubala mu Okutobala, ndiponso m'masabata awiri a Khirisimasi ndi Chaka Chatsopano. Masabata awiriwo ndiwo amabweza ngongole, kulipira antchito, ndi kupereka gawo la fizi yanga kuno ku koleji. Tsono nditangofika, azakhali adandipatsira foni yawo nati, "Iwe ndiye wa ku yunivesite. Tiitanire alendo."

Kale woitana alendo chinali chikwangwani cha pamseu ndi pakamwa pa kondakitala wa basi. Lero ntchitoyo yapita ku Facebook, Instagram ndi WhatsApp. Makina a Facebook saonetsa uthenga uliwonse kwa anthu mofanana. Chithunzi chimene ambiri achiyang'anitsitsa, kuchikonda ndi kugawira anzawo ndicho chimakankhidwira patsogolo, china chimazimirira chisanaoneke n'komwe. Amene ali ndi ndalama akhoza kulipira kuti uthenga wake ufike kwa anthu a mzinda wakuti ndi a msinkhu wakuti. Mahotela akuluakulu amatero. Ife tinalibe ndalamayo. Chida chathu chinali chithunzi basi.

Ndidachipeza m'foni momwemo, chojambulidwa mu Okutobala 2022: mchenga woti mbee, chisakasa cha udzu, madzi oyera ngati galasi. Kumanzere kwake kunkaoneka asodzi akuyanika usipa pathandala ndi amayi akutsuka mbale. Mbali imeneyo ndidaidula. Koma panali china chimene ndinkachidziwa bwino lomwe. Mu 2024 madzi a nyanja adakwera kwambiri, namiza magombe ndi nyumba zina za alendo ku Mangochi, Salima ndi Nkhotakota. Pa azakhali chisakasa chija chidagwa, ndipo ngakhale madzi anali atabwererako, mchenga wotsala unali wongokwana kuyalapo mphasa ziwiri. Ndidachiika chithunzicho, pansi pake ndikulemba kuti: Khirisimasi kunyanja, zipinda zaukhondo, chambo chowotcha tsiku lililonse. Mawu onsewa anali oona. Sabata isanathe zipinda zonse zinali zitagwidwa, ndalama za chikole zitalowa pafoni.

Pa 24 Disembala padafika mphunzitsi wina wochokera ku Lilongwe ndi mkazi wake ndi ana atatu. Wamng'ono adatsika atanyamula mpira nathamangira kumadzi, kenaka n'kuima. Bamboyo sadakalipe. Adangotulutsa foni yake, kundionetsa chithunzi changa chomwe, nati, "Achimwene, mchenga uwu uli kuti?" Ndidati, "Madzi adakwera, bambo." Iwo adati, "Mudadziwa?" Ndidasowa poponya maso. Pambuyo pake ndidamva mayiyo akuuza wophika kuti ndalama ya ulendowo adayamba kuisunga chaka chitangoyamba.

Usiku umenewo ndidadziweruza, ndipo loya wondiimira anali azakhali. "Mwanawe," adatero, "kodi nyanja ndidaikweza ndine? Ndani amapita ndi mbuzi kumsika n'kuyamba kulengeza kuti imatsokomola?" Mawuwa sindingawapeputse. Wogulitsa tomato amaika wamkulu pamwamba pa mulu. Pa chinkhoswe ankhoswe sawerenga zofooka za mwana wawo. Ife tomwe pofunsira ntchito timalemba maphunziro amene tidakhoza, osati amene tidabwereza. Kuonetsa mbali yabwino ndi khalidwe la anthu onse, ndipo wogula amadziwa kuti wogulitsa akudzikometsa. Ngati kusankha kulikonse kuli bodza, ndiye kuti palibe wolungama pamsika, ngakhale pakati pa alembife.

Komabe mtima sudakhazikike. Ndidakumbukira nkhani imene Cicero, wa ku Rome, adaisimba m'buku lake De Officiis m'chaka cha 44 Khristu asanabadwe. Munthu wina, Canius, adapita ku Syracuse kukapuma, ndipo ankafuna kugula nyumba. Pythius, wosunga ndi kukongoza ndalama mumzindamo, adamuitanira chakudya kunyumba yake ya m'mbali mwa madzi, atapangana ndi asodzi kuti tsiku limenelo adzadze ndi mabwato awo pamaso pa nyumbayo. Canius ataona nsomba zikuunjikidwa pamapazi pa mwini nyumba, adaigula pamtengo wokwera. M'mawa mwake panalibe bwato ndi limodzi lomwe, ndipo mnansi adamuuza kuti pamalopo sipaphedwa nsomba. Taonani: asodziwo anali enieni, nsombazo zinali zenizeni. Chabodza chinali chithunzi chimene chidatsala m'mutu mwa Canius. M'buku lomwelo Cicero akusiyanitsa kukhala chete ndi kubisa: kubisa ndi pamene ufuna kuti mnzako asadziwe chinthu chimene chikumukhudza, pofuna kuti iwe upindule. Patapita zaka mazana anayi ndi mphambu, Augustine wa ku Hippo adaphunzitsanso kuti bodza liyenera kuweruzidwa poyang'ana cholinga cha mumtima, osati mawu okha.

Makolo athu sadadikire Cicero. Adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Koma mkuyu sudziwa kuti uli ndi nyerere. Ine ndinkadziwa. Apa ndipo ndidapeza malire pakati pa ine ndi wogulitsa tomato. Wogula tomato akhoza kugwetsa mulu n'kuona wa pansi asanalipire. Mphunzitsi uja anali kutali, maso ake anali ine, ndipo adalipira asanaone. Pofika pagombe pa 24 Disembala analibenso kwina kopita ndi ana atatu. Sindidabise utoto wosuluka kapena mpando wothyoka mwendo. Ndidabisa chinthu chokhacho chimene chikadasintha maganizo ake, ndipo ndidachibisa chifukwa chomwecho.

Chodabwitsa n'chakuti za asodzi ndidawadula aja banjalo silidadandaule. Ana ankadzuka m'bandakucha kukaona mabwato akukocheza, ndipo bambo adagula usipa wopita nawo kwawo. Pamenepo ndidaona mlandu wanga wachiwiri, umene sunali pakati pa ine ndi mlendo. Pythius adaitana asodzi kuti agulitse nyumba. Ine ndidawachotsa kuti ndigulitse nyanja. Ndidaganiza kuti munthu wa m'tauni amafuna madzi opanda eni ake, ndipo anthu amene makolo awo adali pagombelo kanyumba ka azakhali kasanamangidwe ndidawayesa zinyalala za m'mphepete mwa chithunzi. Iwo mpaka lero sadziwa. Kodi kusadziwa kwawo kukundichotsera mlandu?

Ndisadziyeretse mopitirira. Choonadi chili ndi mtengo, ndipo si ine ndekha wolipira. Ngati eni nyumba zina akuika zithunzi zakale, amene waika chatsopano ndiye agone ndi zipinda zopanda anthu, wophika ndi mlonda wake n'kulowa Januwale opanda feteleza. N'kwapafupi kulalikira chilungamo uli m'laibulale, mimba itakhuta ndi ndalama za chithunzi chomwecho. Pa 26 Disembala ndidajambula gombe monga linalili, kamchenga kochepa, madzi ofiirira ndi mvula, asodzi ali pomwepo, ndipo ndidatumizira onse amene adagwira zipinda za Chaka Chatsopano. Mabanja awiri adapempha chikole chawo. Chipinda chimodzi chidapeza munthu wina, china chidagona chokha mausiku atatu. Azakhali adatha tsiku lathunthu osandilankhula, ndipo sindinganene kuti adalakwa, pakuti ndidagula mtendere wa mtima wanga ndi ndalama yawo.

Chimene ndatsala nacho ndi muyeso umodzi wokha. Ndisanaike chithunzi ndimadzifunsa ngati ndingathe kuima pamalo pomwepo, mlendo ali pambali panga ndi foni m'manja, osayang'ana pansi. Muyesowu sulipira ngongole, ndipo sundiuza choti ndikanene kwa wophika zipinda zikakhala zopanda anthu. Pamenepo ndipo ndikupempha nzeru zanu. Ife tonse m'gulu lino timadula zithunzi tikamalemba ndakatulo ndi nthano, kusiya ichi n'kutenga icho. Tikadzakumana ndidzabwera nazo zithunzi ziwiri zija, cha 2022 ndi cha 2024, kuti mudzandiuze chimene inu mukadaika mukadakhala kuti fizi yanu ili m'menemo.