Chikwama Chimene Ungathe Kunyamula Wekha

Mwana wanga Naphiri,

Mayi ako andiuza kuti pasipoti yatuluka, tikiti ya basi ya ku Joni wagula kale, ndipo unyamuka mwezi wa June ukangolowa. Ine sindikuletsa. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo akazi a kuno ku Dowa ndi ku Ntchisi adayamba kalekale kuwoloka Zambezi ndi Limpopo okha, ena kukaoda katundu, ena kusukulu, ena kukagwira ntchito. Nthawi ya agogo ako ulendo umenewu udali wa amuna opita kumigodi kudzera mwa Wenela ndi Theba, akazi tinkangotsala n'kumadikira. Lero ndi iwe ukupita. Koma poti ndine mayi ako aakulu, ndipo msewu umenewo ndidauyendapo pa geni, khala pansi undimvere za chikwama chako ndi zovala zako. Mavuto ambiri a mkazi woyenda yekha amayambira pamphasa pamene adalongedzera katundu.

Ukamaliza kulongedza, unyamule katundu yense wekha, popanda wokutwika, upite naye kumjigo n'kubwerera. Ukapumira panjira, chotsamo zina. Ndikudziwa chimene chichitike mbiri ya ulendo wako ikamveka. Azakhali ako a ku Malomo abwera ndi mtedza woti ukapatse mwana wawo, a kwa Chakhaza abwera ndi ufa woyera, wina nyemba, wina usipa, wina mfutso, aliyense akuti n'kochepa. Zochepazo zikakumana zimadzaza matumba awiri a ukwa. Tsono pachipata cha dziko, makamaka pa Beitbridge, amatha kulamula kuti katundu yense atsike m'basi, aliyense aime pambali pa wake, amutsegule, kenako amukwezenso. Nthawi zambiri zimenezi zimachitika usiku, anthu ali piringupiringu. Mkazi wa zikwama zitatu ali ndi manja awiri okha, ndiye amafuna manja a munthu wina. Munthu winayo amapezeka msanga, waulemu, wolankhula bwino, akuti “achemwali, ndikuthandizeni.” Akangogwira chikwama chako, ndiye kuti wagwira iwe, chifukwa kumene iye alowere iwe utsatira. Ndiye kana mwaulemu pakhomo pano, kumene kukana kungokutayitsa moni wa masiku ochepa.

Ngati pali phukusi limene sungathe kulikana, ulitsegule pamaso pa mwini wake, uone chilichonse chili m'katimo, ulimangenso wekha. Wokwiya akwiye. Phukusi losokedwa kapena lomatidwa kale, limene mwini wake akuti usalitsegule, ulisiye pomwepo ngakhale wakupatsayo akhale wa mpingo umodzi ndi iwe. Chamba kapena mankhwala ozunguza bongo akapezeka m'chikwama chako, wapolisi safunsa adakupatsira. Womangidwa ndi amene wanyamula. Dziwanso kuti nyama, mbewu ndi zomera amazilonda kwambiri pazipata, ndipo akhoza kukulanda. Usaike mtima wako pa zinthu zotere.

Tsopano za chimene chiyenera kukhala pathupi. Amayi a kwathu kuno timakonda kumanga ndalama pamfundo ya chitenje. Pamsika wa Madisi zimatheka, koma paulendo wa masiku awiri chitenje chimamasuka uli m'tulo, ndipo mbava iliyonse imadziwa kumene timabisa. Pita kwa telala ku Mponela akusokere kathumba ka nsalu yolimba kokhala ndi zipi ndi lamba, kovala m'chiuno m'kati mwa zovala. M'menemo muzikhala pasipoti, ndalama zazikulu ndi kapepala ka manambala a foni. Kathumbako usakavule ngakhale polowa kuchimbudzi, ndipo usakatsegule pagulu. Ndalama zogulira madzi, chakudya ndi zolipira kuchimbudzi zikhale padera, m'thumba la jekete, zosinthasintha, kuti pogula nthochi usaonetse chuma chako chonse. Kwacha ukangodutsa Dedza mphamvu zake zimatha. Sinthiratu ma rand kubanki kapena kumalo ovomerezeka ku Lilongwe, usadalire anyamata oima ndi mitolo ya ndalama pachipata, amene amawerenga mofulumira kuposa maso ako.

M'kathumba komweko mukhale ndalama yokwanira tikiti yobwerera, imene sudzaikhudza ngakhale utaona nsapato zokongola bwanji. Mkazi amene ali ndi ndalama yobwerera kwawo amatha kunena kuti ayi. Amene alibe amavomera zinthu zimene mtima wake ukukana.

Manambala a foni uwalembe papepala ndi bolopeni: ya mlamu wako amene akakuchingamire, ya malume ako, yanga, ndi adiresi yonse ya kumene ukafikire, chifukwa a zolowa ndi kutuluka amatha kufunsa. Foni imabedwa, imathima, imagwa m'madzi, ndipo ana a masiku ano simusunga nambala ngakhale imodzi pamtima. Pasipoti uijambulitse mapepala awiri, limodzi lisale ndi mayi ako, lina likhale pansi pa chikwama chachikulu. Pita tsiku Lachiwiri ku msika wa ku Dzaleka, ukacheze ndi amayi ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda amene akhala akufika pamsasa uja kuyambira 1994. Ambiri adasiya nyumba, minda ndi masutikesi. Adzakuuza okha mmene moyo umavutira kwa munthu amene alibe pepala lomuchitira umboni kuti iye ndi yani.

Apa ndikhalitsapo, chifukwa ndi pamene mtima wanga ukugunda. Pasipoti yako usampatse munthu aliyense kuti akusungire. Kaya ndi transipota amene akuti adziwana ndi a pachipata, kaya ndi bwana wa ntchito, kaya ndi mwamuna wokufunsira, kaya ndi mbale. Pachipata ima wekha pamzere, upereke wekha, uone chidindo chikugwa, uilandire m'manja mwako. Udamva za atsikana athu a ku Oman. Adalonjezedwa ntchito zabwino kudzera pa Facebook ndi mwa anthu owalembera ulendo, atafika adalandidwa mapasipoti n'kutsekeredwa m'nyumba za mabwana, kugwira ntchito usana ndi usiku, ena kumenyedwa, ena kugwiriridwa. Nkhani yawo idaulutsidwa ndi BBC m'chaka cha 2024, ndipo mayi wina wa ku Malawi wokhala ku America, Pililani Mombe Nyoni, ndiye adawasonkhanitsa pa gulu la WhatsApp mpaka amayi oposa 50 adathandizidwa kubwerera. Atsikana amenewo sadali opusa. Adali ana a anthu ngati iwe, ofuna kuthandiza makolo. Dziko lathu lili ndi lamulo lolimbana ndi kuzembetsa anthu la 2015, koma lamulo lili ku Lilongwe silingatsegule chitseko chimene chakhomedwa kutsidya la nyanja. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Akakudindira pa Beitbridge, werenga tsiku limene alembapo usadachoke pawindo. Mmalawi amaloledwa kucheza ku South Africa masiku osapitirira 30 popanda viza, ndipo nthawi zina amalemba ochepera. Ukapyola tsikulo, potuluka amakuletsa kulowanso kwa chaka kapena zaka zisanu, ndipo ukagwidwa m'kati ukhoza kukathera ku Lindela, kumene amasungirako odikira kubwezedwa kwawo. Chidindo cha mlendo si chilolezo cha ntchito. Wina asakunamize.

Za zovala, yamba waganiza za msewu. Uchoka kuno kukuzizira, mwera ukuwomba m'mapiri a Ntchisi, ndipo pa Dedza pamazizira kuposa kuno. Mukangotsetsereka kulowa Mozambique, kuyandikira mlatho wa pa Zambezi ku Tete, thukuta liyamba ngakhale ndi June. Mukadutsa Nyamapanda kulowera ku Harare, usiku kuzizira kumabwereranso, ndipo Johannesburg ili pamtunda wa mamita oposa 1,700, kumene m'miyezi ya June ndi July udzu umayera ndi chisanu m'mawa. Usanene kuti ndine wa ku Dowa, kuzizira ndidakuzolowera. Kuno ukazizidwa umasonkha moto wa zitsononkho. Kumeneko udzaima panja pamzere m'bandakucha, popanda pothawira. Choncho vala zosanjikiza: malaya opepuka m'kati, juzi pamwamba, kenako jekete lochindikala. Kukatentha uvula chimodzichimodzi, kukazizira ubwezera. Jekete ukasankhe pa kaunjika kuno, lokhala ndi matumba a zipi, pamodzi ndi masokosi okhuthala ndi chipewa chaubweya. Zimenezi zisalowe m'chikwama cha pansi pa basi, zikhale nawe pampando.

Ndikuuza chinthu chimene anzanga ena a Chigwirizano cha amayi kumpingo angadabwe nacho: m'basi vala thalauza. Ife tidakula ndi lamulo la 1973 limene linkaletsa mkazi kuvala thalauza kapena siketi yaifupi, ndipo lidatha pamene ulamuliro wa chipani chimodzi unkatha. Lamulo lidachoka m'mabuku koma m'mitu ya anthu ena lidatsala, n'chifukwa chake mu January 2012 mavenda ena ku Lilongwe adavula amayi mumsewu, mpaka amayi adachita msonkhano waukulu wodzudzula ku Blantyre, ndipo a Joyce Banda, ali wachiwiri kwa pulezidenti, adali nawo. Ine ndimavala chitenje tsiku lililonse ndipo ndidzaikidwa nacho m'manda. Koma ndikunena za masiku awiri okwera ndi kutsika masitepe a basi, ogona pampando pafupi ndi mwamuna wosamudziwa, odumpha ngalande mumdima, mwinanso othamanga. Thalauza yotakasuka, ya nsalu yosathina, ndi bulauzi yaitali yophimba m'chiuno zimakusunga bwino kuposa siketi imene imakwera ukagona. Pochoka pamudzi mangira chitenje pamwamba kuti agogo ako asadandaule, ukachivule pa Dowa Turn-off kapena kudepoti ku Lilongwe.

Usamve ngati ndikuti mkazi akachitidwa chipongwe ndiye kuti zovala zake zalakwa. Ku Johannesburg komweko, pa siteji ya matakisi ya Noord, mu 2008 amuna adazunza mtsikana chifukwa cha siketi yaifupi, ndipo amayi a kumeneko adaguba mokwiya monga adachitira athu. Wolakwa ndi wochita chipongweyo, kulikonse. Chimene ndikufuna ine n'choti zovala zako zikulole kuyenda msanga, kugona mosadera nkhawa, ndiponso kuti maso a mbava akudutse osakuona. Wina akayamba kukugwiragwira m'basi, usachite manyazi a kumudzi. Kweza mawu, itana kondakitala, sintha mpando ukakhale ndi mayi wachikulire.

Zitenje tenga ziwiri. Chitenje ndi chofunda m'basi, ndi mtsamiro, ndi thaulo, ndi chotchinga pamene basi yaima patchire ndipo amayi mukutchingirana. Koma chisakhale cha chipani, cha nkhope ya munthu kapena cha mbendera. Udamva mmene alendo adasakidwira ku South Africa mu 2008 ndi 2015, mpaka boma lathu lidatumiza mabasi kukatenga anthu ake. Usachite manyazi ndi kwanu, koma m'tauni yachilendo yamba waona mmene akazi a kumeneko akuvalira popita kumsika, uvale mofanana nawo, zitenje zikhale za pakhomo ndi za kutchalitchi.

Nsapato zikhale zotseka, zafulati, zimene udaziyendera kale. Nsapato yatsopano imaluma, ndipo mapazi amatupa ukakhala pampando nthawi yaitali. Mapatapata ndi osambira basi. Ndolo zonyezimira, mikanda, wotchi ndi wigi yodula zisale kapena zigone pansi pa chikwama. Tsitsi ulukitse mizere yosavuta, umange duku. Zovala zosinthira zikhale zochepa, zamitundu yosachedwa kuda, zouma msanga, ndi diresi imodzi yabwino ya Lamulungu. Kumene ukupitako zovala n'zambiri, ndipo pobwerera udzafuna malo.

Pali zina zimene atsikana mumachita nazo manyazi kufunsa. Ulendo umasokoneza thupi, kumwezi kumatha kubwera tsiku lisadakwane. M'kachikwama ka pamiyendo mukhale mapadi, kabudula wam'kati wosinthira, sopo, tishu, kabotolo ka madzi ndi kapulasitiki koikamo zakuda. Ngati pali mankhwala amene umamwa tsiku ndi tsiku, kaya a BP, a mphumu kapena ma ARV, tenga okwanira ulendo wonse ndi otsalira, m'mabotolo ake enieni, pamodzi ndi kabuku ka kuchipatala. Ndipo ukakamva kutentha thupi ndi mutu utafika, usangomwa panado n'kugona. Ku Johannesburg malungo si nthenda ya pakhomo, ndiye uwauze msanga a chipatala kuti wachokera ku Malawi kudzera ku Tete, akuyeze magazi. Chakumwa kapena chakudya chotsegula kale chochokera kwa munthu amene mwangodziwana m'basi, thokoza koma usadye. Kazinga mtedza wako, phika mbatata ndi mazira a tsiku loyamba.

Tsiku lina ukadzakwera ndege pa Lumbadzi, malamulo amasintha pang'ono. Zamadzimadzi za m'manja, monga mafuta odzola, sizipyola mamililita 100 pa botolo, chikwama chachikulu amachiyeza pasikelo ndipo kawirikawiri malire ake ndi makilogalamu 23, pamene batire yotchajira foni imayenera kukhala m'chikwama cha m'manja. Chikwama chachikulu chimatha kutsalira ku Addis Ababa kapena ku Nairobi iwe n'kufika wekha, ndiye chovala chimodzi chosinthira chizikhala nawe. Ku mayiko a Aluya, mapewa ndi mawondo zikhale zophimbika, ndipo mpango usakusowe.

Foni uitchaje yodzaza, uisunge, usaithere pa nyimbo. Mapulagi a ku South Africa ambiri ndi a mano atatu ozungulira, osiyana ndi athu, ndiye chaja yako idzafuna adaputa. Mukafika pa Park Station ku Johannesburg usatuluke panja kukafuna takisi, ngakhale wina akuuze m'Chichewa chenicheni kuti watumidwa ndi mlamu wako. Khala m'kati pamene pali kuwala ndi alonda, chikwama pakati pa miyendo, lamba wake utamukoleka kuphazi, mpaka uone nkhope imene ukuidziwa. Umuuziretu mlamu wakoyo dzina la basi ndi tsiku lofika, ndipo adziwe kuti basi imatha kuchedwa pachipata maola ambiri, asatope n'kubwerera.

Loweruka ubwere ndi chikwamacho kunyumba kuno, tidzachitsegule pamodzi. Ubwerenso ndi kathumba ka kwa telala kaja, ndidzaone ngati lamba wake ndi wolimba.