Musathawe Sitandade 1

Ana anga amene mwangomaliza maphunziro a uphunzitsi ku Kasungu, ku Machinga kapena ku St Joseph's ku Dedza, mukakafika kusukulu imene boma lakutumizani, mtima udzathamangira Sitandade 8. Ndiko kuli ulemu, pakuti zotsatira za mayeso a MANEB zikatuluka mudzi wonse umadziwa amene wakhozetsa ana. Ine ndikuti mukapemphe Sitandade 1.

Sindikunamizani kuti n'kophweka. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, chiwerengero cha ana m'sukulu chinachoka pa pafupifupi 1.9 miliyoni n'kufika cha m'ma 3 miliyoni. Chinali chinthu chabwino, chifukwa mwana wa mmphawi anaona khomo la kalasi. Koma zipinda ndi mabuku sizinachuluke nawo, ndipo achinyamata zikwizikwi anapatsidwa choko asanaphunzire ntchitoyo. Bala limenelo silinapolebe. Boma limafuna ana 60 pa mphunzitsi mmodzi, koma kumidzi mudzapeza oposa 100, ali mbwee pansi, ena patsinde pa mtengo.

M'khamu lotere mwana amabisala. Mukalemba "a e i o u" pa bolodi, onse amafuula limodzi, inu n'kusangalala kuti phunziro lalowa. Chonsecho ambiri akungotsata pakamwa pa anzawo. Mwana woteroyo amakwera makalasi ndi mawu a ena, akafika Sitandade 4 mabuku amamulemera, amabwereza, kenaka amasiya, makolo n'kumati alibe mutu wa sukulu. Mutu ali nawo. Palibe amene anamumvapo akuwerenga yekha. Choncho tsiku lililonse itanani ana asanu kapena asanu ndi mmodzi, aliyense awerenge payekha chala chili pa liwu, ndipo lembani m'kope lanu pamene wakodwa. Yambani ndi wakumbuyo uja, wosakweza dzanja, amene amadzuka tulo phala la kusukulu likapsa.

Malamulo adzakusinthirani pamutu. Mu 1996 tinauzidwa kuti makalasi oyambirira aziphunzira m'chilankhulo cha kwawo. Lamulo la maphunziro la 2013 linati Chingerezi. Mayeso a JCE anathetsedwa, kenaka anabwezeretsedwa. Werengani makalata a ku unduna ndipo alangizi a maphunziro a ku TDC akabwera muwalandire bwino. Komabe mwana wa ku Mangochi amene kunyumba amalankhula Chiyao, kapena wa ku Rumphi wa Chitumbuka, akangoti maso tong'o, mufotokozereni m'mawu amene akumva. Sindiona mlandu pamenepo.

Malipiro akachedwa, kapena mukakhala zaka zambiri osakwezedwa, dandaulo lanu ndi loona, ndipo njira yake ndi bungwe la aphunzitsi la TUM ndi ofesi ya maphunziro ya boma lanu. Mkwiyo umenewo usagwere mwana, ndipo musamamutume kokatunga madzi a kunyumba kwanu anzake ali m'kalasi.

Ena mwa inu mudzakhala aphunzitsi aakulu. Pamenepo padzabwera chiyeso chotaya mphunzitsi waulesi kapena wokonda bibida ku Sitandade 1, poganiza kuti kumeneko sawononga zambiri. Ndiko amawononga koposa. Ikaniko katswiri wanu, inunso mutengeko phunziro limodzi pa sabata. Ndalama zotukulira sukulu zikabwera, muziwerengere pamaso pa komiti ndi makolo, ndipo zoyamba zigule choko ndi makope a ana aang'onowo ofesi yanu isanapakidwe utoto.