Khutu pa Thunthu la Kanjedza

Ku Al Garhoud suiwala kuti wayandikana ndi bwalo la ndege. Dubai International Airport ili pomwepa, ndipo usana ndi usiku ndege ina ikamazimiririka, inzake imakhala itayamba kale kubangula. M'chiphokoso chimenechi ndi momwe ndidaphunzirira kumvetsera mtengo.

Kuseri kwa nyumba imene ndimagwirako ntchito kuli kanjedza wobala tende. Ndi m'bale wake wa kanjedza wa m'madambo a kwathu, uja timanyamula masamba ake pa Lamulungu la Kanjedza, kungoti wakunoyu ndi wamtali komanso wojintcha thunthu. M'miyezi ya June ndi July, kutentha kukapitirira madigiri 40 ife n'kumabisala m'nyumba, iye ndi pamene amalemedwa ndi zipatso. Chaka chino adabala mwaulesi. Poona kuti masamba akadali obiriwira, ndidangoti ndi ludzu, ndiye ndinkakhuthulira madzi patsinde penipeni m'mawa ndi madzulo. Ndinkayesa ndikuchiza, osadziwa kuti chinyontho cha patsinde chimafewetsa thunthu n'kutsegulira mdani khomo.

Adandizindikiritsa ndi madala ena a ku Pakistan amene amasamalira mitengo m'dera lino. Masamba sadawayang'ane n'komwe. Adagwada, n'kuyamba kununkhiza tsinde. Pakati pa zitsa za masamba akale padali kabowo kotuluka madzi abulauni onanda, onunkha ngati masese a mowa, ndipo pansi padali tiulusi totafunidwa tonga utuchi.

"Gunditsani khutu apa," adatero.

Tidadikira kuti ndege idutse. Kutangoti zii, ndidamva. Kukukuta, kwapansipansi koma kosalekeza, ngati mwana akudya chimanga chokazinga atafunda bulangete. Thupi lidachita tsemwe. Mtengo umene ndinkauona ngati mzati wouma udali ndi moyo wina m'kati mwake, wotanganidwa, wanjala.

Wodyayo ndi nankafumbwe wofiira wa kanjedza, amene asayansi amamutcha Rhynchophorus ferrugineus. Ndi wa banja limodzi ndi nankafumbwe wa m'nkhokwe zathu, koma uyu amatalika masentimita 3 kapena 4, ndipo kukamwa kwake kuli ngati kachitamba ka njovu. Kwawo ndi kumwera kwa Asia. Adafika m'dziko lino cha m'ma 1985, ku Egypt mu 1992, kenaka n'kuwolokera ku Spain. Wamkazi amatsata fungo la bala, kaya ndi pamene padulidwa tsamba kaya pamene pachotsedwa mphukira, n'kuikira mazira oposa 200. Mphutsi zake zilibe miyendo, zimanenepa ngati chala chachikulu, ndipo ikakwana nthawi zimaluka chikwa ndi ulusi wa mtengo womwe zaudyawo. Ndidachigwira chikwa chimodzi m'manja. Kulukidwa kwake kudali kwaudongo moti amayi anga, katswiri wa mikeka, akadachitembenuzatembenuza kufuna kuona poyambira. Kanthu kopanda miyendo, kogwira ntchito mumdima wa bii, kadaphunzira kuti luso limeneli? (Ku Congo ndi ku Cameroon abale a mphutsizi ndi ndiwo zapamwamba. Ife odya mphalabungu tisaseke.)

Koma chidandizunguza mutu kwambiri ndi mapangidwe a kanjedzayo. Mango ukautema umaphukanso, bala n'kutsekeka ndi khungwa latsopano. Kanjedza sanalengedwe choncho. Thunthu lake lili ngati nzimbe yaikulu, mtolo wa timitsempha tosawerengeka tomwazikana m'kati monse, kalikonse kakukweza madzi pakokha. N'chifukwa chake mphutsi zimatha kugoba mphanga m'kati masamba ali biriwiri, pakuti timitsempha totsalato timangopitiriza ntchito. Bala lake silipola mpaka kalekale. Ndipo tsamba lililonse ndi phava lililonse la tende zimachokera pamalo amodzi okha, mtima wofewa wobisika kunsonga. Mphutsi ikaufikira mtimawo, kwatha. Namalenga adaika mtengo wopirira mchere, mchenga ndi dzuwa la chipululu chimene mvula yake pachaka imangozungulira mamilimita 100, komabe moyo wake wonse adaupachika pa kanthu kamodzi kanthete. Ndikaganiza zimenezi ndimangogwira pakamwa.

Ntchito yochiza idatenga tsiku lathunthu. Madala aja adagoba zovunda zonse mpaka kufika pabwino, n'kutulutsa mphutsi zodzaza dzanja. Adaboola mabowo opendekera pansi mozungulira bala, kuthiramo mankhwala, n'kumata ndi dothi. Paipi ya madzi tidaisunthira kutali ndi tsinde. Kungodya ya mpanda tidatchera msampha: ndowa ya madzi ndi tende zosasa, pamodzi ndi kapaketi ka fungo limene anankafumbwe aamuna amaitanira anzawo ku phwando. Mtengo ukadakhala kuti wadyeka kwambiri, kudalibe kuchitira mwina koma kuudula n'kuuphwanya tizidutswa kuti oyandikana nawo apulumuke. Akatswiri a pa yunivesite ya KAUST ku Saudi Arabia amakulunga mitengo ndi nthambo zagalasi zotola kaphokoso ka mphutsi zikadali zazing'ono, ndipo ena amaphunzitsa agalu kununkhiza. Onsewo akufuna chomwe madala aja adachipeza atagwada mumchenga.

Papita milungu isanu ndi umodzi tsopano. Mbandakucha uliwonse, mzikiti ukangomaliza kuitana, ndimatuluka n'kudikira mpata pakati pa ndege ziwiri, khutu pathunthu. M'kati muli zii. Dzulo ndidakwera makwerero kukasuzumira kunsonga, ndipo pakatikati penipeni ndidapeza tsamba latsopano, lisanatambasuke, lotuwira ndi losongoka ngati mkondo, litatalika kale kufika m'chigongono.