KODI MISOZI NDI NTHENDA?

Werengani 1 Samueli 1:1-18.

Masiku amene alembedwa m'buku lino la caka sadzakhala a cimwemwe okha okha. Cakudza siciyimba ng'oma. Pakati pa Januwale ndi Disembala ena a ife adzaika m'manda wokondedwa wao, ena adzaona cimanga cikupserera m'munda, ena ukwati wao udzatha, ndipo ena adzacotsedwa pa nchito. Cifukwa cace nkwabwino kuti tidziwiretu cimene tidzacita ndi cisoni cikafika pa khomo pathu kapena pa khomo la mnansi wathu.

Tiyambe ndi Hana, mkazi wa Elikana. Mai ameneyu analibe mwana, ndipo mkazi mnzace Penina anali kumputa caka ndi caka, kufikira Hana analeka kudya cifukwa ca kulira. Tsiku lina ali ku Silo anapita ku nyumba ya Yehova, napemphera ca mu mtima, osakweza mau. Eli wansembe anamuona milomo iri kugwedezeka, naweruza msanga kuti mkaziyo waledzera. Eli anali mtumiki wa Mulungu wa zaka zambiri pa nchito yace, komabe anapatsa cisoni ca maiyo dzina lolakwa, popeza anaweruza asanafunse. Pamene Hana anamfotokozera kuwawa kwa mtima wace, Eli anachera khutu, namdalitsa, ndipo maiyo anabwerera nayambanso kudya. Taonani kuti tsiku limenelo mwana anali asanabadwe. Samueli anadza pambuyo pace. Mtima wa Hana unapepuka cifukwa anatula katundu wace kwa Mulungu, ndiponso munthu mmodzi anamumva.

Kulakwa kwa Eli kulipo ndi lero lomwe, ndipo kwakula makamaka m'maiko olemera a kutsidya kwa nyanja. Kumeneko munthu wacisoni amamuyesa msanga wodwala, nampatsa mapiritsi. Alipo mankhwala amene anapangidwira nthenda ya kukhumudwa, imene madotolo amaicha depression. Oyamba ace anapezeka m'zaka za m'ma 1950, ndipo dotolo wa ku Switzerland, Roland Kuhn, analemba za amodzi a iwo ochedwa imipramine mu 1957. Mu 1987 boma la America linaloleza ena ochedwa Prozac, ndipo kuyambira pamenepo akumwa mankhwala otere anacuruka ndithu. Ku England, mu 2008 madotolo anawalembera anthu maulendo 36 miliyoni. Pofika 2018 ciwerengero cinayandikira 71 miliyoni. Mu 2019 bungwe la boma lochedwa Public Health England linalengeza kuti akulu akulu 7.3 miliyoni anawalandira m'caka cimodzi, ndiko kunena munthu mmodzi mwa akulu 6 ali onse.

Kodi nthenda inacuruka kawiri m'zaka khumi zokha? Ena mwa anthu amenewa anali odwaladi, ndipo nkwabwino kuti anathandizidwa. Koma palinso zifukwa zina. Dotolo wa kumeneko kawiri kawiri amakhala ndi wodwala mmodzi mphindi ngati khumi basi. Afika bambo amene mkazi wace wamwalira, ana ali kutali, m'nyumba akhala yekha. Kuti amve nkhani yace yonse pafunika maola, ndipo pa mzera wa iwo ofuna wokambirana nao munthu angadikire masabata kapena miyezi. Cimene cimatheka m'mphindi khumi ndico kulemba kapepala ka mankhwala. Ndiponso ambiri akayamba amapitirira zaka, popeza ena poyesa kuleka amamva cizungulire, nkhawa ndi kusowa tulo, nayesa kuti nthenda yabweranso.

Ku America madotolo a nthenda za maganizo ali ndi buku lao lalikuru lochedwa DSM, m'mene analembamo maina a nthenda ndi zizindikiro zace. Buku la 1994 linali ndi lamulo lakuti munthu wofedwa asawerengedwe wodwala nthenda ya kukhumudwa isanathe miyezi iwiri, pokhapokha zizindikiro zikhale zoopsa. Mu 2013 lamulo limeneli linacotsedwa. Cotero wamasiye amene wakhala masabata awiri wosagona, wosadya bwino, wolefuka ndi wosakondwa ndi kanthu angathe kulembedwa m'gulu la odwala. Dotolo Allen Frances, amene anatsogolera kulemba buku la 1994, anatsutsa kusinthaku poyera. Ife owerenga Malembo tikumbukire kuti Aisrayeli analira Mose masiku 30, ndipo Aaigupto analira Yakobo masiku 70, osaoneka wowayesa odwala. Madotolo ambiri azindikiranso zimenezi. Mu 2022 bungwe lolangiza madotolo a ku England, lochedwa NICE, linati pa kukhumudwa kocepa mapiritsi asakhale cinthu coyamba kupereka, pokhapokha wodwala awafune yekha.

Pa nkhani iyi ya maiko akutali titengepo maphunziro atatu.

Coyamba, cisoni cimene ciri ndi cifukwa cace si nthenda, ndiponso si chimo. Mulungu anatilenga ndi mtima wokonda, ndipo wokonda aliyense amamva kuwawa akataya cimene anacikonda. Ambuye wathu mwini anagwetsa misozi pa manda a Lazaro, ngakhale anadziwa kuti amuukitsa nthawi yomweyo. M'munda wa Getsemane mtima wace unalemedwa, napempha ophunzira atatu kuti acezere naye. Pakati pathu alipo Akristu amene amadzudzula wofedwa kuti kulira kwace kuonetsa kucepa kwa cikhulupiriro. Awanso ali kucita monga Eli. Dotolo wofulumira ati ndi nthenda, Mkristu wofulumira ati ndi kusakhulupirira, ndipo onse awiri afuna kuti misozi iume msanga kuti iwo apumule. Musamfulumize mai wamasiye. Bala la mu mtima limapola pa nthawi yace, monga fupa lothyoka.

Caciwiri, nthenda yeni yeni ya maganizo iripo, ndipo mankhwala ace ndi mphatso ya Mulungu. Wina asawerenge mau awa nkukataya mapiritsi ace. Mneneri Yesaya analamula kuti aike nkhuyu pa cironda ca mfumu Hezekiya, ndipo Luka wolemba Uthenga Wabwino anali dotolo. Mu 2018 nyuzipepala ya madotolo yochedwa The Lancet inasindikiza kafukufuku amene anasonkhanitsa mayeso 522 a mitundu 21 ya mankhwala amenewa, ndipo yonse inapezeka yothandiza kuposa mapiritsi opanda mankhwala. Kwathu kuno bvuto lathu liri losiyana ndi la ku England. Madotolo a nthenda za maganizo ndi ocepa, cipatala cao cacikuru ca Chainama Hills, cimene cinatsegulidwa mu 1962, ciri kutali ku Lusaka, ndipo odwala ambiri amakhala m'midzi osathandizidwa, anthu nkumati alodzedwa kapena agwidwa ndi mizimu.

Nanga tidzasiyanitsa bwanji? Cisoni ca masiku onse cimadza ngati mafunde. Wofedwa alira m'mawa, koma madzulo mdzukulu akamseketsa amamwetulira, ndipo miyezi ikamapita amabwerera ku munda. Nthenda imakhala ngati mtambo wosacoka. Munthu aleka kusamba ndi kudya, aonda, adziyesa wopanda pace ndi wolemetsa abale ace, ndipo nthawi zina mdimawo umadza popanda cifukwa cooneka, ngakhale kwa mai amene wangobereka kumene. Mukamva munthu achula za kudzipha, musaseke ndipo musamsiye yekha. Cotsani cingwe ndi mankhwala a m'munda pafupi pace, ndipo mupite naye ku cipatala tsiku lomwelo. Amene ali kumwa kale mankhwala asaleke mwadzidzidzi, ngakhale wina amuuze kuti wacira ndi pemphero. Ayambe wafunsa dotolo, amene adzawacepetsa pang'ono pang'ono.

Cacitatu, pakati pa misozi ndi cipatala pali nchito yaikuru imene iri ya mpingo. Anansi athu a ku Zimbabwe aonetsa mphamvu yace. Dotolo Dixon Chibanda wa ku Harare, poona kucepa kwa madotolo, anaphunzitsa agogo akazi kukhala pa benchi pafupi ndi cipatala ndi kumvetsera anthu obvutika ndi kuganiza kwambiri, ndi kuwathandiza kusankha bvuto limodzi ndi kulipezera njira. Nchitoyi anaicha Friendship Bench. Mu 2016 zotsatira za mayeso a anthu 573 zinasindikizidwa. Itapita miyezi 6, mwa iwo amene anakhala pa benchi, pafupi fupi 14 pa 100 ali onse anali akali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene mwa enawo anali pafupi fupi 50 pa 100. Agogo amenewa sanapereke piritsi. Anapereka khutu ndi nthawi, monga Eli atazindikira kulakwa kwace.

Makolo athu anatisiyira cuma cimeneci pamene anati maliro n'kulirana. Amai amabwera ndi ufa ndi nkhuni, abambo amacezera pa moto, ndipo wofedwa sagona yekha. Koma tidzifunse moona mtima: nanga olira akabalalika? Masiku owawa kopambana amafika sabata lacitatu ndi mwezi waciwiri, pamene pa bwalo patsala phulusa lokha ndipo aliyense wabwerera ku zace. Pamenepo ifenso tiri nao mankhwala athu ofulumira. Bambo wofedwa amapita ku kacasu kuti aiwale, ndipo ife abale ace timatumiza mau awiri pa foni m'malo mopita ndi miyendo. Tikapitirira motere, tidzafika kumene anafika anzathu a kutsidya kwa nyanja, tiribe ngakhale madotolo ao.

Kumbukirani Eliya pamene anathawira ku cipululu nalakalaka imfa (1 Mafumu 19). Mulungu sanayambe ndi kumdzudzula. Anampatsa cakudya ndi madzi, namlola agone, pambuyo pace anamfunsa namumva, ndipo potsiriza anampatsa nchito ndi mnzace woyenda naye, Elisa. Titsate njira yomweyo.

Cifukwa cace, akulu a mpingo, amai a Cigwirizano ndi Akristu nonse, gwiritsani nchito buku lino. Maliro akacitika m'mudzi mwanu, ikani cizindikiro pa tsikulo, ndipo muikenso cina patapita mwezi umodzi, cina patapita miyezi itatu, ndi cina pa tsiku lokwanira caka. Masiku amenewo akafika, pitani. Nyamulani khasu mukalimire wamasiye, tungani madzi, khalani pa mphasa. Yambani ndi kufunsa, ndipo musaope kuchula dzina la womwalirayo. Mukaona kuti mtambo sucoka, mperekezeni ku cipatala, ndipo akabwerako musaleke kumuyendera. Mutu umodzi susenza denga.

Tipemphere. Atate wathu wa Kumwamba, amene munamva Hana pamene munthu sanamumvetse, mutipatse makutu oleza ndi miyendo yofulumira kupita kwa olira. Mupatse nzeru madotolo ndi anamwino, kuti adziwe wodwala ndi wacisoni. Mugwire dzanja onse amene adzayenda mu mdima m'caka cino, kufikira tsiku limene kulira konse kudzatha. M'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.