Mlendo, Njovu ndi Mwini Munda

Ana inu, ambiri a ife tinabadwira m'dziko la njovu, koma sitinaionepo ndi maso. Timangoimva m'nthano za agogo. Chifukwa chake si kulakwa kuti munthu asunge ndalama zake, akwere basi, napita ku Liwonde kukaona nyama imeneyi.

Nkhalango ya Liwonde inapatulidwa kukhala malo osungira nyama m'chaka cha 1973, m'mbali mwa mtsinje wa Shire. M'chilimwe, madzi akaphwa m'madambo, njovu zimatsikira kumtsinjeko. Wokhala m'bwato amaziona zikumwa ndi kudzipaka matope, ana ali pakati pa miyendo ya amai awo. Yotsogolera gulu ndi nkhalamba yaikazi, imene imakumbukira njira zakale ndi kumene kuli madzi. Njovu imakhala ndi bere miyezi 22, ndipo mwanayo imamlera zaka zambiri. Munthu woona izi amayamba kulankhula motsitsa mau, ngakhale palibe wamuuza kutero.

Komatu mlendo ndi mame. Dzuŵa likapendeka abwerera kwao ndi zithunzi zake, pamene njovuyo itsala ndi anthu a m'midzi yozungulira nkhalango. Njovu yaikulu imadya chakudya chokwana makilogalamu 150 tsiku limodzi, ndipo sidziŵa kuti uwu ndi udzu wa m'thengo, ichi ndi chimanga cha mai wamasiye. Gulu limodzi likhoza kutha munda wonse usiku umodzi. Kotero mlimi amagona kumunda, akusonkha moto ndi kuomba zitini kufikira tambala. Ena amapachika ming'oma ya njuchi m'malire a munda kapena kufukiza tsabola, pakuti njovu imaopa njuchi ndipo imadana ndi utsi wa tsabola. Nanga mwana amene wachezera kulinda munda adzamva chiyani m'kalasi m'maŵa mwake?

Taonani zimene zinachitika ku Kasungu. Njovu za kumeneko zinatsala pang'ono kutha chifukwa cha ozipha mofuna minyanga. M'chaka cha 2022 njovu 263 zinasamutsidwa pamalole kuchokera ku Liwonde, kumene zinachuluka, kupita ku Kasungu. Okonda nyama anakondwera, ndipo panali chifukwa chokondwerera. Koma nkhalangoyo inalibe mpanda mbali zonse. Anthu a m'malire mwake, kuno kwathu ndi kutsidya ku Zambia, anaonongeredwa mbeu, ndipo ena anaphedwa.

Funso lathu tsono ndi ili: kodi nkoyenera kuti ine ndisangalale ndi chinthu chimene mnzanga akulira nacho? Wina adzati, "Ziphedwe zonse, munthu aposa nyama." Kuti munthu aposa nyama nzoona. Koma munthu anaikidwa kuti asunge zolengedwa, ndipo wopatsidwa mbuzi kuti aŵete samaitha chifukwa yaloŵa m'dimba. Chimene ndimakana ine ndi mtima wa mlendo wonena kuti, "Ndalipira pachipata, zatha." Ndalama ya pachipata imagula kuona njovu, koma siidzaza nkhokwe ya mai uja pokhapokha wina ataonetsetsa kuti gawo lake lafika kumudzi.

Ndipo nzotheka. Bungwe la African Parks litayamba kuyang'anira Liwonde m'chaka cha 2015, linamanga mpanda wamagetsi, ndipo njovu zotulukira m'midzi zinachepa. Mpanda wotere sudzisamala wokha. Umafuna anthu ouyendera ndi kuukonza. Mlendo ali ndi ufulu wofunsa ngati antchitowo ndi ana a m'midzi yomweyo, ndiponso akhoza kugula uchi kapena dengu kwa anthu okhala kunja kwa chipata mosanenerera mtengo.

Aphunzitsi, gaŵani ana m'magulu aŵiri. Ena akhale alendo a m'bwato, ena akhale banja lolinda munda usiku. Gulu lililonse linene chimene likufuna kwa linzake, kenaka asinthane malo.